Kodi PlayStation yasanduka tomato?

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule zomwe anandichita mnyamata wina wogulitsa ndi kukonza zamagetsi ku Lilongwe. Ndili ndi kashopu ka magemu pano pa Kasungu, ndipo PlayStation 4 (PS4) yanga ina inayamba kusokosera fani, ikatentha n'kumazima yokha. Nditapita nayo, munthuyo sanamasule ngakhale sikuluu imodzi. Anangoseka n'kunena kuti, "Bwana, izi ndi zamakedzana, tayani mugule PS5 Pro."

Ati zamakedzana! Makina omwe anyamata amaimira mzere kuti amenyepo mpira tsiku ndi tsiku, omwe amandilipirira lendi, iye akuti nditaye. Nditayire kuti? Ndalama zogulira enawo andipatsa ndi iyeyo?

Mnyamatayu wangomeza zomwe makampani akunja akufuna kuti tonse timeze. Kale zinthu zinali ndi dongosolo. PlayStation 2 inatuluka mu 2000, anthu anaisewera mpaka PlayStation 3 kubwera mu 2006, ndipo ena akuiseweretsabe m'mavidiyo sho a m'midzimu. PS4 inabwera mu 2013. Koma mu 2016, patangotha zaka zitatu, a Sony anatulutsa PS4 Pro. Mu 2020 PS5, mu Novembala 2024 PS5 Pro, pa mtengo wa madola 700, yopanda ngakhale polowetsa chimbale. Polowetsa chimbalepo ugule padera! Ndiye kuti gemu uzichita kudawunilodi, pa intaneti yathu ino yoti bando imatha usanaone n'komwe chithunzi choyamba. A Microsoft nawonso anachita zomwezo, Xbox One mu 2013, Xbox One X mu 2017. Koma a Nintendo anakhala ndi Switch kuchokera 2017 mpaka 2025 ndipo sanafe ndi njala.

Kodi Pro imeneyi ikupatsa chiyani? Udzu wa m'bwalo la mpira uoneke bwino pa TV ya 4K, ija yoonetsa zithunzi zooneka bwino kwambiri. Ndani ali nayo TV imeneyo kwa Chinkhoma kapena ku Santhe? Mwana akagoletsa chigoli sawerenga udzu. Gemu ya mpira ya EA Sports FC 25 inatuluka pa PS4 yomweyi ndipo chigoli chake n'chimodzimodzi. Kuti gemu ya GTA VI sidzaseweredwa pa PS4 ndikudziwa, ndipo pamenepo sindikangana, makina ali ndi malire ake. Zaka zisanu ndi ziwiri pakati pa makina akale ndi atsopano n'zokwanira. Zoikamo zina pakatizi ndi dyera basi.

Ndipo amene akutiuza kuti tizitaya zinthuwa aiwala kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola akusowa, magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu amatiwotchera katundu. Mafoni n'chimodzimodzi. Batire ikangofooka akuuza kuti gula ina. Amisiri enieni, aja ankakonza wailesi pakhonde la sitolo, anapita kuti? Lero aliyense ndi wogulitsa.

A bungwe loteteza ogula la CAMA ndi a bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission, kodi mumayendako m'mashopu amenewa? Wogulitsa makina okwera mtengo chonchi azikakamizidwa kusunga masipeya ake. A TEVETA nawonso aphunzitse achinyamata kusintha fani ndi kukonza makontirola, m'boma lililonse mukhale mmisiri mmodzi kapena awiri, tisamakwere minibasi mpaka ku Lilongwe kukangosekedwa.

Ine wokwiya,
Mwini shopu ya magemu,
Kasungu