Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za Maphunziro Apamwamba: ntchito za ophunzira a uinjiniya zisamathere pa chionetsero

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani ngati mmodzi mwa aphunzitsi amene timayang'anira magulu a ophunzira a uinjiniya akamapanga zipangizo zothandiza anthu ovutika. Nkhawa yanga ndi imodzi yokha: zipangizo zambiri zimene achinyamatawa amapanga zimafa tsiku lomwelo limene iwo alandira malikisi awo.

Chaka ndi chaka ndimawaona akuchezera usiku wonse, akulumikiza mawaya ndi kuwotcherera zitsulo, maso ali psuu, kuti sefa ya madzi kapena nyale yoyendera dzuwa igwire ntchito pa tsiku la chionetsero. Tsikulo likafika alendo amaomba m'manja, zithunzi zimajambulidwa, kenako chipangizocho chimakatsekeredwa m'chipinda chosungiramo katundu. Ndinalowa m'chipinda chotere posachedwapa ndipo ndinapeza pampu yamadzi yokongola itachita fumbi, batire yake itatupa, pomwe amene anaipanga anamwazikana kalekale kukafuna ntchito. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti pampuyo inkatulutsadi madzi.

Sikuti ntchito za ophunzira sizingapulumutse miyoyo. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kuti azipuma bwino, anayamba mu 2010 ngati ntchito ya ophunzira a pa Rice University ku Houston, m'dziko la America. Makina oyambawo anali timapampu ta mpweya ta m'matanki owetera nsomba zokongoletsa nyumba, toikidwa m'kabokosi kapulasitiki. Mpweya umapita kwa mwana kudzera m'timachubu ta m'mphuno, ndipo chubu china chimamizidwa m'botolo la madzi amene amabwadamuka. Kuchuluka kwa madziwo ndiko kumaika mlingo wa mphamvu ya mpweya umene umatsala m'mapapo kuti asafote mwanayo akatulutsa mpweya. Atawayesa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti makanda 71 pa 100 alionse amene anathandizidwa ndi makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 amene anangopatsidwa okosijeni.

Koma taonani, a Nduna, zaka zimene zinadutsa pakati pa 2010 ndi 2014. M'zaka zimenezo madokotala ndi anamwino ankawagwiritsa ntchito makinawo n'kumanena zimene zinkawavuta, mainjiniya ankakonza mobwerezabwereza, chilolezo choyesera pa odwala chinafunika, ndipo pamapeto pake panapezeka kampani yoti iziwapanga ambiri. Ntchito yotopetsa imeneyi, imene siioneka pa zithunzi, ndiyo imene magulu athu alibe woilipirira.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti unduna wanu ukhazikitse thumba la ndalama lothandizira gawo lachiwiri la ntchitozi, kuti chipangizo chimene chaoneka kuti n'chodalirika chikayesedwe kwa chaka chathunthu m'manja mwa eni vutolo, osati m'kalasi. Ndalama zake zisakhale zogulira zinthu zatsopano zokha ayi, koma zogulira zitsulo zosinthira zikaonongeka, zoyendera kukaona mmene chikugwirira ntchito, ndiponso zophunzitsira mmisiri wa pamalopo kuchimasula ndi kuchimanganso popanda kuyitana aliyense.

Ndikupemphanso kuti mulimbikitse mayunivesite kupereka malikisi ofanana kwa gulu limene latenga ntchito yosiyidwa ndi anzawo n'kuikonza. Pakadali pano wophunzira aliyense amafuna kuyamba chake chatsopano, chifukwa n'chimene timamuyamikira, ndipo cholakwachi ndi chathu ife aphunzitsi. Namwino, mlimi kapena mmisiri amene adzagwiritse ntchito chipangizocho akhale nawo pagululo kuyambira sabata yoyamba, ndipo mawu ake azimveka popereka malikisi.

Ndili wokonzeka kubwera ku ofesi yanu pamodzi ndi ophunzira anga kudzakuonetsani mndandanda wa zipangizo zimene zili m'chipinda chija, kuti tisankhe zoyambira.

Ine wanu wodzichepetsa,
Mphunzitsi wa uinjiniya