Tchaikovsky sadaphunzitse munthu kuvina, a Mkonzi

A Mkonzi,

Ndadikira sabata yathunthu poganiza kuti mukonza nokha zimene mudasindikiza patsamba la zaluso Loweruka lija, koma kuli zii. Ndiye ndiloleni ndiyankhule ine.

Mlembi wanu adatiuza mosaphethira kuti gule wa ballet wotchedwa Swan Lake adapeka ndi Tchaikovsky, ndiponso kuti tsiku loyamba kumuonetsa anthu adaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Zikomo kwambiri potiphunzitsa. Ndiye kuti bambo ameneyu ankati akachezera kulemba manotsi, kukacha n'kuvula jekete, kuimika atsikana pamzere n'kumawaonetsa poponda? Tchaikovsky adapeka nyimbo basi. Masitepe adapeka anthu ena, ndipo anthuwo ali ndi mayina awo.

Guleyu adaonetsedwa koyamba mu 1877 ku Bolshoi, nyumba ya zisudzo ya mumzinda wa Moscow, ndipo amene adakonza kavinidwe adali Julius Reisinger. Ntchito yake sidagwire anthu mtima kwenikweni, n'chifukwa chake lero palibe amene amavina masitepe akewo. Swan Lake amene mlembi wanu adamuona pa YouTube ndi mdzukulu wa uja adaonetsedwa ku Mariinsky, nyumba ya zisudzo ya ku St Petersburg, mu Januwale 1895. Pamenepo n'kuti Tchaikovsky atamwalira kale mu 1893. Munthu angapeke bwanji gule amene sadamuone n'komwe? Ngakhale nyimbo zimene ambiri timazidziwa zidadutsa m'manja mwa Riccardo Drigo, Mtaliyana amene ankatsogolera oimba ku Mariinsky. Iyeyu adadula zina, kusuntha zina, n'kulowetsamo tinyimbo tina ta piyano ta Tchaikovsky yemweyo. Nkhani ya m'guleyo nayonso adaisinthako ndi Modest, mng'ono wake wa malemuyo.

Marius Petipa, mmodzi mwa amene adakonza masitepe a mu 1895, mudamutchulako kamodzi, ndikuvomera, koma mudati adali Mrasha. Munthu wobadwira ku Marseille, ku France, mu 1818, amene adafika ku St Petersburg mu 1847 ali bambo wamkulu kale! Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Arasha eni ake sabisa kuti ballet yawo adainola Afalansa ndi Ataliyana. Amene adavina ngati Odette ndi Odile, akazi awiri ofunika kwambiri m'nkhani ya guleyu, mu 1895, n'kuzungulira ndi mwendo umodzi ka 32 osapumira, adali Pierina Legnani wa ku Italy. Komanso mukadafufuza pang'ono chabe mukadadziwa kuti pokonza gule wina wotchedwa The Sleeping Beauty mu 1890, Petipa ndiye ankalembera Tchaikovsky malangizo: apa nyimbo italike chonchi, apa ithamange, apa ifatse. Wopeka nyimbo wamkulu chotere ankasoka motsatira muyezo wa wokonza masitepe.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi Lev Ivanov. M'nkhani yonse ija, yodzaza theka la tsamba, dzina lake mulibe. Mulibe ngakhale pansi pa chithunzi, ngakhale molakwitsa kalembedwe. Chonsecho zigawo ziwiri za m'mbali mwa nyanja, zija atsikana ovala zoyera amandanda ngati mbalame pamadzi, adakonza ndi iyeyo, pamene Petipa adakonza za kubwalo ndi kunyumba yachifumu. Atsikana anayi aja ogwirana manja mopingasa, amene amaponda limodzi ngati munthu mmodzi, omwe mlembi wanu adawatamanda ndime yathunthu, ndi ntchito ya Ivanov. Choyamba mwa zigawo ziwirizo adali atachionetsa kale mu 1894 pamwambo wokumbukira Tchaikovsky. Mu 1892 Petipa atadwala, amene adasenza gule wa The Nutcracker mpaka kufika naye pasiteji adalinso Ivanov. Zaka zambiri adali wachiwiri kwa bwana Petipa, adamwalira mu 1901 akadali wachiwiri, ndipo lero nyuzipepala yanu yamuikanso m'manda kachiwiri popanda ngakhale mwambo wa maliro. Tsegulani pulogalamu ya Mariinsky yeniyeniyo, mupeza mayina awiri, Petipa ndi Ivanov, atalembedwa moyandikana. Kaya mlembi wanu amadziwa zambiri kuposa eni nyumba, ine sinditsutsa.

Za chithunzi ndingonena mwachidule, chifukwa ndikayamba sindimaliza. Mayi uja mudamuika pamwamba ndi Anna Pavlova akuvina The Dying Swan, kagule ka mphindi zochepa kamene adamukonzera Mikhail Fokine pa nyimbo ya Camille Saint-Saëns, Mfalansa winanso. Sikakhudzana ndi Swan Lake. Mwaona nthenga zoyera basi mwati ndi yomweyo.

Mwina mukuti bambo uyu wapsa mtima chifukwa cha Mrasha amene adafa kalekale. Ine ndimaphunzitsa ana magule pasukulu ina kuno, ndipo khalidwe limeneli ndimalidziwa bwino. Chaka chatha pampikisano wina ana anga adavina bwino mpaka kupambana. Woyendetsa mwambo adathokoza mlendo wolemekezeka, adathokoza ahedi, adathokoza amene adabwereketsa zokuzira mawu, adathokoza ngakhale amene adagula zakumwa. Mayi amene adathera miyezi itatu pafumbi kuwongola miyendo ya anawo, yemwe ndimagwira naye ntchito, adangoima kumbuyo atanyamula zikwama zawo. Onaninso makanema a nyimbo amene amatuluka masiku ano. Dzina la woimba limalembedwa m'zilembo zikuluzikulu, la wojambula limabwera, nthawi zina ngakhale la mwini galimoto imene yaoneka m'kanemayo, koma amene adapeka masitepe omwe ana m'makwalala onse akutsanzira simumumva. Anthu amaganiza kuti kuvina kumangobwera kokha ng'oma ikalira. Ndiye nyuzipepala imene imayenera kutitsegula maso ikamachitanso zomwezo, tidandaulire kwa yani?

Inu nomwe mumatikumbutsa kawirikawiri kuti malamulo a utolankhani amafuna kuti cholakwa chikonzedwe msanga ndiponso poonekera. Chitani zomwezo Loweruka likudzali, patsamba lomwe lija, osati pakona pafupi ndi malonda a mapuloti. Mizere itatu ikwana: nyimbo ndi za Tchaikovsky, masitepe ndi a Petipa ndi Ivanov, chithunzi chidali cha gule wina. Ndipo mlembi wanu akamadzalembanso za gule aliyense, kaya wa ku St Petersburg kaya wa pasukulu ya kwathu kuno, azifunsa kaye kuti adaphunzitsa ovinawo ndani.

Mphunzitsi wa magule,
Zomba