Mayi wozunzidwa akhale ndi womuyankhulira wakewake

Akonzi,

Kuno ku Dedza, nkhani ya nkhanza za m'banja ikafika kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena ku Victim Support Unit kupolisi, nthawi zambiri mwamuna ndi mkazi amawakhazika pamphasa imodzi. Bambo apepesa, mayi avomera atazolika, diso lili chitupire, onse abwerera kunyumba imodzi. Kulangiza wankhanza nkoyenera ndithu. Cholakwika nchoti wolangiza bamboyo ndi yemwenso akuyembekezeka kuteteza mayi, ndipo mtima wake umakhala pomanga banja.

Pafunika munthu wina woima ndi mayiyo basi. Ayambe wakumana naye payekha, bambo kulibe, achibale a kuchimuna kulibe. Afunse mosazungulira: kodi anakukanyangani pakhosi? Anakuopsezani ndi chikwanje? Anati mukachoka akuphani? Yankho likakhala inde, imeneyo si ya ankhoswenso, moyo uli pachiswe. Amuperekeze kuchipatala kuti zilonda zilembedwe zisanapole, poti lipoti limenelo ndilo umboni kukhoti. Ngati anagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayambidwe pasanathe maola 72.

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira wozunzidwa, ngakhale kumutulutsa m'nyumba kuti mayi ndi ana atsalemo. Amayi ambiri kwa Kachere kapena kwa Kaphuka sanaimvepo mfundo imeneyi, choncho womuyankhulira aifotokoze.

Pomwe zimasokonekera kwambiri ndi uphungu ukayamba. Pamaso pa alangizi bambo amaoneka wofatsa, amati mowa anasiya. Wodziwa zoona ndi mkazi wake. Womuyankhulira azimuyendera sabata iliyonse, makamaka nyengo yogulitsa mbatatesi ndalama zikalowa m'nyumba, ndipo azichenjeza alangizi nkhanza zikayambiranso. Koma mawu a mayi asaperekedwe popanda chilolezo chake. Mlangizi akangoti "akazi anu akuti munawamenyanso", usiku womwewo mayiyo alipira ndi thupi lake.

Mayi auzidwenso msanga tsiku limene bambo akutuluka pa belo, kuti akonze kogona ndi ana. Akafuna kuthetsa mlandu poti wogula chimanga ndi bambo yemweyo, tisamunyoze. Womuyankhulira afufuze ngati saopsezedwa, ndipo apitirize kumuyendera ngakhale fayilo itatsekedwa.

Owerenga okhudzidwa,
Linthipe, Dedza