Kalata yochokera ku Mauritius

Grand Baie, Mauritius

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino ndithu. Ntchito ya kukhitchini ya hotela ikuyenda, kungoti alendo achuluka moti tikumaweruka usiku.

Munafunsa ngati ndikudya mokwanira poti kuno sadya nsima. Mtima pansi, Amayi. Ufa wa chimanga ndiye wosowa, anthu amadalira mpunga ndi buledi, ndipo mpungawo amachita kugula kunja chifukwa minda yambiri ndi ya nzimbe. Koma ndiwo zake ndi zomwe zija munatilera nazo. Nkhwani alipo, masamba a shushu alipo, ngakhale cham'mwamba amene kwathu timangomuona kuseri kwa nyumba. Kuno amamuphika msuzi wamadzimadzi ndi anyezi, adyo ndi jinja, n'kuthira pampunga. Pambali amaika nsomba yamchere yophikidwa m'matimati ndi tsabola, yomwe amaitcha rougaille.

Tsiku lopuma ndimakwera basi kupita kumsika waukulu wa ku Port Louis. Pansi amagulitsa ndiwo ndi zipatso, ndipo chapafupi pamakhala mzere wa anthu odikira dholl puri. Chimakhala ngati chapati koma chopyapyala ndi chofewa kwambiri, m'kati mwa ufa wake muli nsawawa zachikasu zowiritsa n'kupera. Wogulitsa amayala ziwiri padzanja, kupakapo nyemba zikuluzikulu za curry, matimati ndi tsabola, kupinda, kukulunga m'pepala, basi wina abwere. Pamzerepo pamaima wa tayi wa kubanki ndi wonyamula katundu, mtengo umodzi. Ukamva kuwawa kwa tsabola umatsitsira alouda, mkaka wozizira wotsekemera.

Mnzanga wophika naye anandifotokozera kuti pachilumba chino kale panalibe anthu. Afalansa anabweretsa akapolo kuchokera ku Madagascar ndi ku Mozambique, pafupi ndi kwathu komwe. Ukapolo unatha mu 1835, ndipo kuyambira mu 1834 Angerezi anali atayamba kale kutenga Amwenye kuti adzadule nzimbe. Atchaina nawo anadza ndi mine frit wawo, chakudya chokazinga chooneka ngati supageti. Choncho zambiri zimene lero akuzitama ndi zakudya za anthu osauka amene ankaphika chimene apeza.

Tsono zomwezo ndiye zasanduka malonda. Mu 2019 alendo amene anafika kuno anaposa 1.3 miliyoni, kuposa eni dziko. Ena satuluka m'hotela, amangodya saladi ya mtima wa mgwalangwa yokwera mtengo. Koma ambiri amalipira munthu wowaperekeza m'misewu kuti akalawe gato pima, timandasi ta nsawawa ndi tsabola, ali chiimire. Ku Mahébourg kuli fakitale yomwe yakhala ikupanga mabisiketi a chinangwa kuyambira mu 1870, ndipo azungu amalipira pakhomo kuti akaone amayi akuotcha. Chinangwa chomwechi, Amayi!

Chimene sichindisangalatsa ndi cham'mwamba mwa msika uja, kumene amagulitsa malaya, zonunkhiritsa ndiwo ndi ziboliboli za dodo, mbalame imene inatha kalekale. Kumeneko ena akangoona mlendo mtengo amaukweza. Mlendoyo akazindikira amachoka nkhope ili gwa, sabwereranso.

Nkhani yonseyi ndikufuna muwauze achemwali ku Cape Maclear. Pamalo awo odyera aja asamangophika tchipisi ndi nkhuku poganiza kuti mzungu sangadye zathu. Tchipisi anazisiya kwawo. Amuphikire nkhwani wotendera, chambo chootcha, futali wa mbatata, ngakhale thobwa lozizira bwino. Chachikulu n'chakuti pamalo pakhale paukhondo, madzi osamba m'manja akhalepo, ndipo mtengo ulembedwe pakhoma, umodzi kwa aliyense. Mlendo akafuna kuona mmene akusinjira nsinjiro, amulole alowe agwire munsi. Ndalama ya mapoto akulu ndiwathandiza ndikalandira mwezi wamawa.

Imene ndatumiza sabata yathayi mugule feteleza matumba awiri mitengo isanakwere, yotsalayo ya fizi ya mng'ono wanga. Mupereke moni kwa agogo, amalume ndi a kumpingo. Muzindikumbukira m'mapemphero.

Ndine mwana wanu wachisamba.