Kukana kuyezedwa mowa ndi mlandu wina, kuledzera ndi mlandu winanso

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya madalaivala amene amakana kuyezedwa mowa apolisi akawaimitsa pamsewu. Anthu ambiri akangomva kuti uje wakana kupumira m'kachipangizo koyezera mowa kaja amagamula pompo kuti ameneyo anali ataledzera basi, utsi sufuka popanda moto. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo, ngakhale dalaivala woledzera anandilanda mchemwali wanga ndipo mpaka lero ndikaona galimoto ikuyenda mokhotakhota usiku mtima wanga umagunda mwamphamvu.

Ndiyambe ndi mbali ya apolisi chifukwa ali ndi mfundo yomveka. Timati mlandu suwola, zoona, koma umboni wa mowa umawola. Chiwindi chimachotsa mowa m'magazi ola lililonse, nde munthu akakana kupumira usiku n'kudzayezedwa mmawa amapezeka ali bwinobwino ngati sanalaweko dontho. Kukanakhala kuti wokana salandira chilango chilichonse ndiye kuti chidakwa chilichonse chikanamangotseka pakamwa n'kudikira kuti kuche. N'chifukwa chake boma la New York mu 1953 linabweretsa lamulo loti ukamayendetsa galimoto pamsewu wa anthu onse ndiye kuti wavomera kale kuyezedwa, ukakana laisensi imalandidwa, ndipo pano zigawo zonse za America zili ndi lamulo lotere. Ku Britain malire a mamiligalamu 80 a mowa pa mamililita 100 a magazi anayamba mu 1967, ndipo kukana kuyezedwa popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pawokha. Zimenezi ine ndilibe nazo vuto ngakhale pang'ono. Wakana? Alandidwe laisensi, alipire faindi, ayende wapansi.

Pomwe ndikudandaula ndi pamene kukanako kumasanduka umboni woti munthu analedzera. Chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha 1948, ndime 11, chimanena kuti munthu aliyense woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo palibe pomwe chinapatula madalaivala. Ntchito yobweretsa umboni ndi ya boma, woimbidwa mlandu sakuyenera kudzitsuka yekha. Koma mu 1983 khoti lalikulu la ku America pa mlandu wa South Dakota v. Neville linalola kuti kukana kuyezedwa kutchulidwe m'khoti ngati umboni, nde taganizani, woweruza ndi munthu ngati ife tomwe, akangomva kuti anakana mutu wake wagamula kale ngakhale palibe nambala iliyonse ya mowa patebulo pake.

Eti munthu amene sanamwe angakanirenji? Zifukwa zilipo, ndipo zina n'zooneka ndi maso. Ku America apolisi amayamba ndi mayeso a pamsewu pomwepo, amakuuza uyende masitepe 9 pamzere wowongoka chidendene chikugunda chala chaphazi, utembenuke ubwerere, kenako uime ndi mwendo umodzi kwa masekondi 30, komanso utsatire cholembera ndi maso mutu osagwedeza. Malume anga anathyoka bondo kalekale ndipo anawaika chitsulo, mowa sanaulawepo chibadwire, koma ndimawaona mmene amavutikira kuvala thalauzi ataimirira, amachita kugwira khoma ndi dzanja limodzi uku akupuma mwamphamvu. Muwaimitse amenewo pakati pausiku, magetsi a galimoto ya polisi akuthwanima m'maso, magalimoto ena akudutsa pafupi ndi mphepo yake, wapolisi akulemba chilichonse m'kabuku. Angapunzike asanafike masekondi 5, ndipo atakana kuchita zimenezo ine sindingawanene kuti akubisa kanthu.

Kachipangizo kopumirako nakonso ndi makina, kamafuna kukonzedwa ndi kuyesedwa pafupipafupi kuti kaziwerenga zoona. Munthu amene wangochukucha mkamwa ndi mankhwala okhala ndi mowa kapena wangosanza kumene kangathe kumuwerengera nambala yokwera, n'chifukwa chake malo ambiri wapolisi amayenera kumuyang'anira kaye munthuyo kwa mphindi 15 kapena 20 asanamupumitse. Palinso odwala asima amene mpweya wautali womwe kachipangizoko kamafuna sangaukwanitse, amayesa kawiri katatu akutsokomola, wapolisi wotopa n'kulemba kuti wakana. Ena ndi mantha chabe, pena chiyankhulo sakumvana ndi wapolisiyo, ndipo palibe amene wawafotokozera kuti kukana kuli ndi chilango chake.

Pa nkhani ya magazi ndiye ndinasangalala ndi chigamulo cha khoti lalikulu la ku America pa mlandu wa Birchfield v. North Dakota mu 2016. Oweruza ananena kuti kupumira m'chubu n'kochepa, apolisi atha kukulamula popanda chilolezo cha khoti ukamangidwa, koma jakisoni woboola khungu n'kutenga magazi ndi nkhani ina, munthu sangapatsidwe mlandu chifukwa chokana ngati apolisiwo alibe chilolezocho. Magazi amaulula zambiri za munthu kuposa mowa, matenda ake, mankhwala omwe akumwa, kaya ndi woyembekezera, zonse zili momwemo.

Nde pempho langa kwa opanga malamulo ndi oweruza kulikonse ndi loti milandu iwiriyi aisiyanitse. Wokana alangidwe chifukwa chokana, chilangocho chikhale chowawa ndithu kuti wina asaone ngati ndi njira yothawira. Koma ngati boma likuti analedzera, libweretse umboni wa kuledzerako, vidiyo ya mmene amayendetsera, mboni zomwe zinamuona akumwa, kapena wapolisi aimbire woweruza usiku womwewo apeze chilolezo chotenga magazi mowa usanathe m'thupi. Amene anagunda mchemwali wanga anayezedwa pasanathe ola limodzi, nambala inawerengedwa m'khoti tonse tikumva, ndipo ngakhale abale ake omwe anakhala benchi imodzi ndi ife sanatsutse kanthu.

Ndine wowerenga wanu wa tsiku ndi tsiku.