Mwana wathu uja wavala ovolosi

Mnzanga wokondedwa,

Kaya wadzuka bwanji ku Joniko? Kuno ku Ndirande tilipo, kungoti dzuwa latiwamba.

Ndikuuze za mwana wako uja unamusiya akuyamwa chala. Pano ali chaka chachiwiri cha zamagetsi ku Soche Technical, anamusankha kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Mtima wake unali pa uinjiniya ku Poly, imene kuyambira 2021 akuitcha MUBAS, koma mapointi a MSCE sanakwane. Analira sabata yathunthu, kenako anapukuta misozi n'kulemba fomu.

Tsiku limene dzina lake linatuluka, amalume ake anabwera atakwinya nkhope. Akuti bwanji osamulembetsa zosoka kapena za saluni, mkazi akwera bwanji pholo anthu akuyang'ana pansi, nanga adzamukwatira ndani manja atauma ngati chikuni. Anamaliza ndi mwambi womwe uja unatitopetsa nthawi ya Amayi Joyce Banda, wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Ine ndinangoti zii, koma mumtima ndinakumbuka ife tili kusekondale. Paja anyamata ankapita kukapala matabwa ndi kujambula mapulani, ife n'kumatipatsa singano ndi mapoto, popanda wotifunsa. Iwe masamu unkawakhoza kuposa kalasi yonse, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Chimene chikumusowetsa mtendere si maphunziro ayi. Ndi kumene anamutumiza kukaphunzira ntchito. Milungu itatu yoyambirira ankangomutuma kogula mandazi ndi kulemba malisiti, anzake aamuna ali padenga kukoka mawaya. Akapita kwa kasitomala, mwininyumba amasuzumira kumbuyo kwake n'kufunsa kuti, "Nanga amisiriwo ali kuti?" Chonsecho mwana wanyamula tesita ndi pulayazi m'manja! Anachita kulimba mtima n'kuuza abwanawo kuti sanabwere kudzatereka tiyi. Pano makwerero akukwera.

Ndiye useke. Mwezi watha soketi ya kukhitchini kwa amalume ake omwewo inayamba kununkha chopserera. Wamagetsi amene anamuitana anatchula mtengo woti anagwira pakamwa. Madzulo ndinangowaona atulukira, chipewa chili m'manja, akufunsa ngati "mdzukulu wa amayi" ali pakhomo. Mwana anapita, anazimitsa pa meni switchi, anamasula soketi n'kupeza waya wina unakhwepa mpaka kusungunula pulasitiki. Anadula popsapo, kumanganso, basi. Anamupatsa nkhuku. Za ng'ombe zija sanatchulenso, ngakhale sindikunama kuti asintha maganizo. Kwa anzawo akumanena kuti mwanayu ali ndi mutu wachimuna.

Tsono pempho langa ndi ili. Nsapato za sefute ndazungulira nazo Limbe yense, ndikungopeza zikuluzikulu za abambo, ndipo pano akuvala sayizi 8 atafutsamo masokosi awiri. Ukaona sayizi 5 kumeneko, umupatsire wa basi aliyense wobwera kuno, ndalama ndipereka kwa amayi ako. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale,
Make mmisiri