Tiwayankhe m'Chichewa amishonale achinyamata

Akonzi,

Pampingo pathu pabwera mnyamata wa ku Korea amene akuphunzira ntchito yaumishonale. Mamawa ndimamupeza pakhonde atagwira kabuku kake, akubwereza mawu oti "mtengo" kuti asiyanitse wa m'nkhalango ndi wa pamsika. Dzulo anayesetsa mpaka thukuta kamukamu kuti agule matimati m'Chichewa, koma wogulitsa anamuyankha m'Chingerezi. Nkhope yake inagwa, ine mtima unandiwawa.

Abale anga, tikumupinga mwanayu. Kodi Buku Lopatulika likanatuluka mu 1922 makolo athu ku Mvera ndi ku Nkhoma akanapanda kucheza m'chinenero chathu ndi William Murray, mmishonale amene anatsogolera ntchito yolimasulira?

Mnyamatayu akaphonya mawu, mukonzeni mwachikondi. Ine Lachitatu lililonse ndimapita naye kudimba, tikuthirira mpiru kwinaku ndikumutchulira dzina la chilichonse.

Mayi wa Chigwirizano,
Dedza